Bambo mfumu akufuna nditenge kwaya ya Chisipanishi, ndivomere?

Funso: Ndine Mmalawi, kwathu ndi ku Dedza koma pano ndikukhala ku Texas. Ndimaimba kiyibodi pa Misa ya Chingerezi ya m'mawa ndipo parishi imandipatsa kangachepe pamwezi. Masana pamakhala Misa ya Chisipanishi. Kwaya yake amaitsogolera bambo ena a ku Guatemala, okhoma madenga, omwe sadziwa kuwerenga manotsi koma aimba gitala pamenepo zaka zambiri. Bambo mfumu watsopano akufuna makwaya awiriwa akhale amodzi, ine ndikhale mtsogoleri. Chimvereni nkhaniyi, bambo aja moni wawo wazizira, ndipo ena a m'kwaya yawo akuti apita ku mpingo wa Pentekosite. Ndalakwa chiyani? Kwaya ndi chinthu choti anthu n'kudanirana?

Yankho: Achimwene, mpaka pano palibe chomwe mwalakwa. Koma mukangovomera mpandowo m'mene aukonzeramu, kulakwa kuyambira pomwepo. Kwaya ya Chisipanishiyo isiyeni m'manja mwa eni ake, ndipo bambo mfumu akamve zimenezi kuchokera pakamwa panu anthu okwiya asanawafikire. Ndagwirapo ntchito ndi makwaya m'maparishi a zilankhulo ziwiri ngati yanuyo, ndipo mkangano uwu umayamba chimodzimodzi kulikonse: wansembe akuona ndandanda ya Misa, woimba akuona manotsi, pomwe bambo wa gitala akuona kuti akumulanda mudzi.

Tayambani mwaona sabata ya bambowo. Lolemba mpaka Loweruka ali pamwamba pa denga la munthu wina, dzuwa la ku Texas likuwaotcha msana. Mwini nyumba dzina lawo salidziwa ndipo alibe nalo ntchito. Akalowa kuchipatala kapena kusukulu ya ana, Chingerezi chimawathera pakamwa mpaka mwana wawo yemwe ndiye awamasulire. Kwawo mwina anali katekisiti kapena woimba wodziwika mudzi wonse, kuno amangowerengedwa ngati manja ogwira ntchito. Ndiye Lamulungu likafika amavala malaya osita bwino n'kufika msanga. Mukawasuzumire kunja Misa yanu isanathe: aimirira pambali pa galimoto, akuchuna gitala ndi zala zong'aluka, faelo ya nyimbo ili pabonati. M'faelomo mulibe manotsi. Muli mawu olemba pamanja, ena ofotokopa kambirimbiri mpaka kufufutika, pamwamba pake tizilembo ta Do, Sol, Lam. Aliyense wodutsa akuwapatsa moni wa "don" (bambo) wakutiwakuti kapena "hermano" (achimwene). Akakweza mutu wa gitala, tchalitchi chodzaza chimayamba kuimba, akautsitsa chimaleka. Sabata yonse ola limeneli lokha ndi lomwe anthu amawatchula dzina n'kuwamvera, ndipo ndi lomwe mwauzidwa kuti mutenge.

Komanso kwayayo si ya Lamulungu lokha. Munthu akamwalira, kaya konko kaya kumudzi komwe ambiri sangathe kupitako kukaika, pamakhala novenario: masiku 9 otsatizana abale ndi anansi amasonkhana panyumba madzulo kunena kolona ndi kuimba, patebulo pali chithunzi cha malemu, makandulo ndi maluwa. Amene amabwera ndi gitala ataweruka kuntchito, fumbi likadali m'mutu, ndi a kwaya. Ndi omwewo amaimba pa ubatizo, pa ukwati, ndi pa quinceañera, mwambo wa mtsikana wokwanitsa zaka 15 womwe umayambira kutchalitchi. Pakafunika ndalama zotumizira thupi ku Guatemala kapena ku Mexico, amayi a m'kwaya amaphika tamales ndi pupusas n'kumagulitsa pabwalo Misa ikatha. Inu amene mwaponyapo chipepeso pa gulu la WhatsApp la Amalawi kuti mnzathu akagone kwawo, apa simukufuna womasulira. Wofika kumene ntchito amaipezera pa pulakatisi, chipinda chogona chimodzimodzi. Ambiri m'kwayamo ndi ma compadre, wina anaimirira mwana wa mnzake pa ubatizo, ndipo ubale umenewu iwo sautenga mwachibwana.

Ife Akatolika a ku Malawi tili ndi pogwira. Maepiskopi a ku Latin America pa msonkhano wawo wa ku Medellín mu 1968 analimbikitsa timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, ndipo m'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa lomwe Malawi alimo, anasankha njira yofanana, yomwe ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe anaigwirira ntchito mwamphamvu. Ndiyo miphakati yomwe munakuliramo. Kwa munthu amene ali kutali ndi kwawo, wogwira ntchito maola osadziwika, kwaya ndiyo imasanduka mphakati. Taganizani wansembe watsopano atabwera n'kunena kuti mphakati wanu auphatikiza ndi wa tsidya lina, ndipo tcheyamani akhala mlendo wosamva Chichewa, chifukwa choti ali ndi setifiketi.

Dzina loti "Hispanic", lomwe ku America amatchulira anthu a makolo ochokera kumaiko olankhula Chisipanishi, nalonso limabisa zambiri. Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 62 miliyoni otere ku America, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse, koma sikuti ndi mtundu umodzi. A ku Mexico tsiku lawo ndi 12 Disembala, pokumbukira kuonekera kwa Amayi Maria a ku Guadalupe kwa Juan Diego pa phiri la Tepeyac mu 1531. Tsikuli tchalitchi chimadzaza kusanache, anthu akuimbira Maria nyimbo za mbandakucha zotchedwa mañanitas, kenako n'kukwera magalimoto kupita kuntchito. A ku Guatemala amadikira 15 Januwale, tsiku la Cristo Negro wa ku Esquipulas. A ku Honduras ali ndi tsiku la Amayi Maria a ku Suyapa pa 3 Febuluwale, a ku Peru amavala zapepo mu Okutobala polemekeza Señor de los Milagros, a ku El Salvador saiwala arkiepiskopi wawo Óscar Romero, yemwe anaomberedwa akuchita Misa pa 24 Malichi 1980 ndipo anatchulidwa woyera mu 2018. Wotsogolera kwaya yosakanikirana chonchi amasenza kalendala yonseyi m'mutu. Amadziwa nyimbo yoti ikasowa pa tsiku lakutilakuti, mabanja ena sabata yamawa sabwera. Zimenezi m'buku mulibe. Ndipo musadabwe mutapeza kuti Chisipanishi kwa bambowo ndi chilankhulo chachiwiri: Aguatemala ambiri obwera ku America kunyumba amalankhula K'iche', Mam kapena Q'anjob'al, ndipo chinyozo anayamba kuchilawa kwawo komwe asanawoloke malire.

Ngati mukufuna kumva kumene nyimbo zawo zimachokera, kapezekeni pa posadas, kuyambira 16 mpaka 24 Disembala. Usiku uliwonse gulu limanyamula zifanizo za Maria ndi Yosefe, makandulo kumanja, n'kukaima pakhomo pa mkhristu mnzawo. Akunja amaimba kupempha malo ogona. A m'nyumba amayankha moimba, chitseko chili chitsekere, kuwauza kuti apitirire, sakuwadziwa, mwina ndi akuba. Amayankhizana choncho ndime zingapo, kunja kukuzizira, mpaka a m'nyumba azindikire kuti alendowo ndi ndani n'kutsegula. Ana amathamangira piñata, chidole chodzaza maswiti chomwe amachimenya mpaka chisweke. Koma muyang'ane nkhope za akuluakulu ena, amene anadutsa chipululu cha Sonora kapena kuwoloka Rio Grande. Ndime zokanizidwa malo zija kwa iwo si sewero.

Tsopano za manotsi, popeza ndi pamenepa bambo mfumu akuona kuti ndinu woposa. Msonkhano wachiwiri wa Vatican utatsegula khomo la zilankhulo ndi nyimbo za eni dziko mu 1963, khomo lomwelo lomwe ng'oma ndi visekese zinalowera m'matchalitchi akwathu, ku Mexico kunalowa magitala. Mu 1966 ku Cuernavaca, nthawi ya Ambuye Sergio Méndez Arceo, kunayamba kuimbidwa Misa ya mariachi, maimbidwe a chikhalidwe cha ku Mexico a magitala, mavayolini ndi malipenga, ndipo kuchokera apo nyimbo zamtunduwu zafalikira pophunzitsana ndi khutu. Kusawerenga manotsi pamenepo si umbuli, ndi m'mene mwambowo umayendera. Nyimbo zambiri za ku Mexico ndi Central America zimasinthasintha pakati pa 6/8 ndi 3/4, pena gitala ikugunda kawiri pomwe bezi ikugunda katatu. Wa kiyibodi wodalira pepala amaziwongola zonse kuti zikhale zamzere umodzi, nyimbo n'kuferatu, anthu n'kumangoyang'ana. Inu khutu lanu linakulira pa ng'oma za ku Dedza, ziwiri kulimbana ndi zitatu mukuzidziwa, ndiye muzigwira msanga kuposa Mzungu wa limba. Mukadzamva marimba, chida chomwe Guatemala amanyadira kuti ndi cha dziko lawo, mudzakumbuka valimba ya ku Lower Shire. Chenjezo limodzi: ife a tonic sol-fa "do" wathu amasuntha malinga ndi kiyi, pomwe kwa iwo Do ndi C basi, Sol ndi G, Lam ndi A minor. Akakuuzani kuti nyimbo ili pa Sol, musafunse kuti "so wa kiyi iti".

Mawu oti "tiphatikize" amawawa chifukwa chinanso cha mbiri. M'maparishi ambiri Misa ya Chisipanishi inayambira m'chipinda chapansi kapena muholo ya sukulu, pa nthawi yomwe ena onse sakuifuna, 1 koloko kapena 2 koloko masana, opanda ngakhale kiyi wa kabati ya mamaikolofoni. Kuti afike pokwera kuguwa lalikulu panadutsa zaka ndi misonkhano. Akatolika olankhula Chisipanishi akhala akuchita misonkhano ya dziko lonse yotchedwa Encuentro mu 1972, 1977, 1985 ndi 2000, ndipo wachisanu unachitikira kwanu konko ku Grapevine, Texas, mu 2018. Dongosolo lomwe maepiskopi a ku America anavomereza mu 1987 linanena poyera kuti kulandira anthu mumpingo sikutanthauza kuwameza kuti asiye chilankhulo ndi mapemphero awo, ndipo mu 2023 anavomereza dongosolo latsopano la utumiki womwewu. Kafukufuku yemwe Hosffman Ospino wa ku Boston College anatulutsa mu 2014 anapeza kuti pafupifupi parishi imodzi mwa zinayi ili ndi utumiki wa Chisipanishi. Choncho mukamakalankhula ndi bambo mfumu simukakhala mukupempha chifundo, mukakhala mukuwakumbutsa zomwe maepiskopi awo omwe analemba.

Ndiye pali nkhani ya kangachepe kaja. Inu mumalandira, iwo aimba zaka zonsezi ulele, zingwe za gitala akugula ndi ndalama ya m'thumba. Musaganize kuti sakudziwa. Komabe musathamangire kuwamenyera malipiro musanawafunse. Ku America parishi ikafuna kulipira munthu ngati wantchito imayenera kuona zikalata zomuloleza kugwira ntchito, ndipo ngakhale ongodzipereka, makamaka ogwira ndi ana, madayosizi amafufuza mbiri yawo. Sindikunena kuti bambowo alibe mapepala. Anthu otchedwa "Hispanic" ambiri, pafupifupi anayi mwa asanu alionse, ndi nzika za America, ndipo kuganizira aliyense wolankhula Chisipanishi kuti analowa mozemba ndi chipongwe. Koma m'kwaya yotere sipalephera wina amene fomu yofuna dzina lonse ndi adiresi ingamuthawitse. Mantha alipo ndithu: mu Januwale 2025 boma linachotsa malangizo omwe ankaletsa a zolowa ndi kutuluka kugwira anthu m'malo ngati matchalitchi, ndipo mu Julaye chaka chomwecho Ambuye Alberto Rojas a ku San Bernardino anamasula akhristu amantha ku lamulo la Misa ya Lamulungu. Musafunse munthu za mapepala ake. Musajambule kwaya n'kuponya pa Facebook musanafunse aliyense payekha. Wina akajomba pulakatisi osanena chifukwa, musamukalipire pagulu. Zomwe mungapemphe mopanda chiopsezo ndi zakuti parishi iwagulire zingwe, masipika abwino, mabuku a nyimbo a Flor y Canto omwe kampani yachikatolika ya OCP inayamba kusindikiza mu 1989 ndipo maparishi ambiri amagwiritsa ntchito, ndi kuwalipirira maphunziro a dayosizi.

Zoti ena apita ku Pentekosite musazitenge ngati kuopseza chabe. Bungwe lochita kafukufuku la Pew linapeza kuti akuluakulu a "Hispanic" ku America odzitcha Akatolika anatsika kuchoka pa 67 peresenti mu 2010 kufika pa 43 peresenti mu 2022. Katchalitchi ka m'sitolo yakale pamsewu wanu kali ndi zomwe parishi yaikulu imasowa. Abusa ake amalankhula ngati iwo, mwina nawonso masana ndi omanga nyumba. Mlendo akabwera amamufunsa dzina tsiku lomwelo, ndipo akadziwika kuti amagwira gitala, sipapita nthawi asanamuike kutsogolo kuti atsogolere ma coritos, timakolasi tatifupi tomwe amatilumikiza kamodzi ndi kanzake mpaka thukuta. Ambiri amene akhalabe mu Katolika awasunga ndi magulu owapatsa chochita, monga Cursillo, gulu la maphunziro afupi a chikhristu, yomwe ku America inayambira ku Waco, Texas, mu 1957, ndi a Karisimatiki. Munthu amene wachotsedwa pa gitala kuno adziwa kolowera.

Koma nambala za Pew zomwezo zili ndi mbali ina, ndipo apa bambo mfumu ali ndi mfundo. Gulu lomwe lakula kwambiri si la Pentekosite ayi, ndi la osapemphera kulikonse, lomwe linakwera kuchoka pa 10 kufika pa 30 peresenti, ndipo mwa a zaka 18 mpaka 29 ndi pafupifupi theka. Amenewa ambiri ndi ana obadwira ku America. Kunyumba amamva Chisipanishi koma amayankha m'Chingerezi. Pa Misa ya makolo ulaliki umawadutsa, pa Misa ya Chingerezi amadziona alendo. Mukaunguza mipando yakumbuyo masana muwaona, foni ili pansi pa benchi. Ngati pali malo omwe luso lanu likufunika kwenikweni, ndi awa. Ana a anthu a m'kwayamo ambiri amaphunzira zida kusukulu, ena amawerenga manotsi kuposa makolo awo, ndipo palibe amene anawauzapo kuti abwere ndi vayolini kapena lipenga kutchalitchi. Kakwaya ka achinyamata koimba m'zilankhulo zonse ziwiri, komwe inu ndi bambowo mungakayambitse limodzi, kapatsa bambo mfumu umodzi womwe akufuna popanda kugwetsa chomwe chilipo.

Sindikufuna kuwapaka mafuta bambowo. Makwaya oterewa ali ndi zofooka zake. Ena amaika nyimbo wamba m'malo mwa salimo la tsikulo. Ena amaimba Ulemu kwa Mulungu kapena Woyera ndi mawu osiyana ndi a m'buku la Misa, chikhalirecho kuyambira Adiventi wa 2018 maparishi a ku America ayenera kutsatira Misal Romano yatsopano, buku la Misa la Chisipanishi. Masipika amakwezedwa mpaka mpingo sudzimva. Pena mtsogoleri amasanduka nyakwawa, nyimbo zomwezomwezo zaka 15, wachinyamata akabwera ndi yatsopano amuyang'ana ndi diso lofiira. Ndipo ena amathawira kukwaya mavuto a kunyumba, mausiku anayi pasabata ali kutchalitchi, mayi ndi ana akudya okha. Zonsezi n'zofunika kukonza, koma wokonza ayenera kukhala munthu amene anadyapo nawo, osati amene anawalanda mpando. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye chitani chonchi. Pitani kwa bambowo musanabwerere kwa bambo mfumu, ndipo musachite pafoni. Pezani womasulira wamkulu amene iwo amamukhulupirira, asakhale mwana wawo kapena wa mu ofesi ya parishi. Alankhuleni ndi "usted", yemwe ndi "inu" wawo waulemu. Auzeni mosazungulira kuti mpandowo simunaupemphe ndipo simuutenga. Kenako pemphani kuti muzibwera pa ensayo, pulakatisi yawo, ngati wophunzira. Miyezi yoyamba kiyibodi muziiika pansipansi, kumbuyo kwa magitala, ndipo musakonze kanthu pokhapokha atakufunsani. Akakupatsani mbale ya tamales, idyani, muchotse kaye khoko la chimanga kapena tsamba la nthochi lomwe amakulungira. Tsiku lina aphunzitseni kolasi ya Chichewa. Sindinaonepo kwaya ya Chisipanishi yokana nyimbo yovinika.

Kwa bambo mfumu mupite ndi china m'manja, osati kukana kokha. Makwaya akhale awiri, aliyense ndi mtsogoleri wake, koma aziimbira limodzi pa masiku omwe parishi imakhala ndi mwambo umodzi: Lachinayi Loyera, usiku wa Pasaka, tsiku la ulimbitso, ndi tsiku la nkhoswe ya parishi. Pa masiku amenewo pewani kubwereza chilichonse kawiri, chifukwa Misa imatalika ndipo aliyense amangodikira gawo lake. Zimayenda bwino kolasi ikakhala m'chilankhulo chimodzi, yaifupi yoti onse aigwire, ndime n'kumasinthana. Nyimbo ya Chisipanishi aitsogolere bambowo ndi magitala awo inu mukutsatira, ya Chingerezi mutsogolere inu iwo akutsatira. Pulakatisi yophatikizana muike madzulo kwambiri kapena Lamulungu pakati pa Misa ziwirizo, popeza wokhoma madenga nthawi yotentha saweruka 5 koloko. Pa pepala la ndondomeko mayina a atsogoleri alembedwe onse awiri, zilembo zofanana kukula.

Bambo mfumu akaumirira kuti akufuna munthu mmodzi woyankha za nyimbo zonse, popeza ansembe ena amafunadi zotero pofuna kuchepetsa misonkhano, mutha kuvomera udindo wolumikizitsa, koma zinthu zitatu zilembedwe ndipo zilengezedwe pa Misa ya masana m'Chisipanishi, bambowo ataima pambali panu: kuti wosankha nyimbo za Misa imeneyo ndi iwo, kuti woitana ndi kulandira anthu m'kwayamo ndi iwo, ndipo kuti kiyi wa kabati ya zida akhala nawo wawo. Akakana ngakhale zimenezi, pepesani mwaulemu n'kukhala pa Misa yanu ya m'mawa, ndipo mufunse nambala ya ofesi ya utumiki wa Chisipanishi ku dayosizi, kuti amene angakambe ndi wansembe ngati mnzake adzakambe naye.